Buku Limodzi, Eni Ake Awiri

Nesi analowa mu ofesi mwanga osagogoda, kalata ili m'manja.

"Akuti ndinaba," anatero. "Amayi, akuti ndinaba buku langa lomwe."

Ine ndimagwira ntchito m'chipinda chothandiza ophunzira kulemba, kuseri kwa laibulale ya yunivesite. Muli matebulo awiri, kabati yachitsulo ndi zenera lomwe limatseguka likafuna. Sindilembera munthu ngakhale chiganizo chimodzi. Wophunzira amabwera ndi zomwe walemba, ine n'kuwerenga, n'kumudzazira mafunso m'mphepete mwa tsamba. Ndimalemba ndi pensulo basi, n'chifukwa chake amanditcha Mayi Pensulo, ndipo amayesa kuti sindidziwa.

Kalatayo ndinaiwerenga kawiri. Kompyuta yoyerekeza zolemba inapeza kuti buku la kafukufuku la Nesi likufanana pafupifupi mawu ndi mawu ndi la mnzake wa m'kalasi, yemwe anapereka lake masabata atatu Nesi asanapereke. Komiti yosungitsa mwambo inali yoti ikumane tsiku lomwelo, thu koloko masana. Wopezeka kuti ndiye anakopera achotsedwa sukulu, digiri osaionanso.

"Kalata lero, mlandu lero?"

"Inagona sabata yathunthu m'kabokosi ka ku dipatimenti. Ine ndinali kuchipatala, kuntchito. Ndaipeza m'mawa uno."

Ndinayang'ana wotchi. Hafu pasiti naini.

Nesi ndi namwino weniweni, wa zaka khumi ndi ziwiri m'wodi, mayi wa ana awiri. Zaka zinayi za digiri anazipirira movutikira, akuchoka kuntchito n'kulowa m'kalasi fungo la mankhwala lili m'malaya. Buku lakelo, lofufuza chifukwa chomwe odwala amasiyira mankhwala panjira, ndinaliona likubadwa. Miyezi isanu ndi itatu ankabwera Lachiwiri lililonse, n'kukhala pa mpando womwe tsopano anali ataugwira ndi manja awiri. Ndinamuliritsapo kawiri chifukwa cha mutu wachitatu, ndipo sindinapepese.

"Mnzanuyo ndani?"

"Watayi."

Ndinamudziwa. Bambo wosavula tayi ngakhale dzuwa liswe mtengo, waulemu wochititsa manyazi, woti amakuthokozani musanamupatse kanthu. Anabwerapo kwa ine kangapo. Mutu wa kafukufuku wake unali wofanana ndi wa Nesi, poti ku dipatimenti kwawo amasankha pa mndandanda umodzi. Nkhope yake ndinkaikumbukira bwino, koma chiganizo chake ngakhale chimodzi ayi.

"Laputopu yanu ili ndi zonse, si choncho?"

"Inafa mwezi wa Meyi, mwaiwala? Mwana anathiramo madzi. Mawu a odwala omwe ndinajambula anafera momwemo. Ndinangopulumutsa buku lomaliza pa fulashi."

"Nanga asupavaiza anu?"

"Anapita kunja kukaphunzira. Mauthenga asanu, zii. Amene anandipatsa m'malo mwawo anangosaina, sanatsegule n'komwe."

"Khalani pansi," ndinatero, ndipo ndivomereze kuti ndinalankhula monyada. "Nkhani iyi yatha kale."

Ndili ndi kachitidwe kanga. Wophunzira akakonza zomwe ndamufunsa, amabwera ndi mapepala atsopano pamodzi ndi akale, kuti ndione ngati wandimvera. Akalewo amatsala kwa ine, m'kabati. A Nesi anali mtolo waukulu, masamba pafupifupi zana, mutu uliwonse uli ndi pensulo yanga. Ndinatulutsa kiyi m'chikwama, ndinatsegula, n'kupita pa shelefu yachiwiri.

Ndinapeza a mtsikana wa zamalamulo. Ndinapeza a mapasa a zaulimi. Ndinatsitsa zonse pansi, fumbi kobo, ndinagwada n'kuyang'ana mtolo ndi mtolo, Nesi ataima pamutu panga akupumira m'mwamba.

Ake munalibe.

* * *

Mlembi wa ku dipatimenti ndi mayi woti chidindo chake amachisamala kuposa foni. Amalankhula motsitsa mawu ngakhale akukuuzani nthawi.

"Malinga ndi ndondomeko, fayilo ya mlandu sionetsedwa kwa munthu wapadera."

"Sindine wapadera. Ndikhala mboni."

"Mboni ya ndani?" Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Chifukwa a Watayi akutchulaninso inu."

Mlembi anasuzumira pakhomo, anabweza chitseko ndi phazi, n'kutulutsa envulopu yakhaki yonenepa.

"Mphindi zisanu. Ndipo simunaone kanthu."

Anali mapepala a Nesi, mtolo wonse. Ndinauzindikira ndisanaugwire, chifukwa cha banga la kapu ya tiyi lomwe ndinasiya ndekha pa tsamba loyamba. M'mphepete munali dzanja langa: Mwadziwa bwanji? Ananena zimenezi ndani? Ndimeyi ikupita kuti? Dzina la Nesi panalibe paliponse, poti mitu ankaisindikiza umodziumodzi, yopanda chikuto.

"Awabweretsa dzana ngati umboni," anatero mlembi. "Akuti ndi mapepala awo oyamba, ndipo inu ndi amene munkawathandiza. Tatembenuzani."

Ndinatembenuza. Kumbuyo kwa masamba khumi oyambirira kunali zolemba za bolopeni, dzanja lopendeka la zilembo zikuluzikulu. Timivi, mawu ofufutidwa, chiganizo chimodzi choyambidwa kanayi.

"Dzanja lawo limenelo, taliyerekeza kale ndi mafomu. Ndiye taonani momwe komiti ikuonera. Buku anayamba kupereka ndi iwo. Mapepala akale ali nawo ndi iwo. Kumbuyo kuli dzanja lawo, kutsogolo kuli lanu, ndipo m'kaundula wanu anasainamo kanayi. Mayi winayo ali ndi chiyani?"

"Ali ndi mawu anga. Mafunso awa ndinkalembera Nesi."

"Mumaona ophunzira angati pa chaka?"

"Mazana atatu."

"Ndipo onsewo mumawalembera kuti 'Mwadziwa bwanji?'" Sanafunse mwachipongwe ayi, ankandichenjeza. "A Watayi anena kale kuti inu ndi Nesi mumagwirizana, mumadyera limodzi masana. Mawu okha sakwana, amayi. Wapampando amafuna cholembedwa."

Zinali zoona, Lachiwiri lina tinkadyeradi limodzi. Ndinapempha kope la buku la Watayi m'malo mwa Nesi, poti woimbidwa mlandu ali ndi ufulu woliona. Mlembi anandisainitsa malo atatu, n'kundipatsa. Ndikutuluka anandiitananso.

"Tsamba lililonse la bukulo lili ndi kamzere kotuwa kumanzere. Makina a pansi pa masitepe ndi amene amachita zimenezo. Ine sindinanene."

* * *

Panja pa dipatimenti ndinakumana ndi Watayi mwini wake. Tayi yabuluu, nsapato zowala, chikwama m'khwapa. Anapatuka n'kuwerama pang'ono kuti ndidutse.

"Amayi athu, mwadzuka bwanji? Pepani kwambiri kuti mwavutitsidwa ndi nkhani yochititsa manyazi ngati imeneyi."

"Mapepala aja munawatenga kuti?"

"Ati, amayi? Anga aja?" Anamwetulira. "Kwa inu. Kodi si inu amene mumatithandiza?"

Ndinafuna kumukoka ndi tayi yakeyo. M'malo mwake ndinamuyesa.

"Munafunsa odwala angati?"

"Makumi anayi ndi awiri. Tsamba 51."

"Angati anati anasiya mankhwala chifukwa cha mtunda?"

"Khumi ndi asanu ndi mmodzi, ambiri mwa iwo amayi. Tsamba 64." Sanaphethire n'komwe. "Ndaliwerenga kasanu ndi kawiri sabata ino. Munthu ukanamiziridwa umayenera kukonzeka. Tionana thu koloko, amayi. Zikomo kwambiri, zikomo."

Munthuyo anali ataloweza buku lonse. Ndinkaganiza kuti komiti ikangomufunsa mafunso awiri atatu agwa yekha, koma tsopano chiyembekezo chimenecho chinathera pomwepo. Ndinakasiyira Nesi kope lija mu ofesi, n'kumuuza kuti afufuze chilichonse chosiyana ndi lake. Inali itakwana hafu pasiti teni.

* * *

Wafotokope amagwira ntchito pansi pa masitepe a nyumba ya sayansi, m'kachipinda koti munthu wamtali amalowamo chowerama. Anandiona ndili patali n'kuyamba kuseka.

"Mayi Pens... aa, amayi athu! Lero kwagwanji? Inu woti pepala limodzi mumalemba kutsogolo, kumbuyo, mpaka m'mbali?"

"Watayi anasindikiza buku lake pano."

"Ine, amayi, maso anga amaona mapepala, anthu ayi. Anthu amangodutsa, fyuu, fyuu."

"Kamzere ka makina anu kali pa tsamba lililonse. Mukufuna ndikauze wapampando wa komiti kuti adzakufunseni yekha?"

Kuseka kunatha. Anazimitsa wailesi.

"Kusindikiza si mlandu."

"Anabwera ndi fulashi?"

Anakanda m'mutu. "Fulashi ndinamuikira ndine, pomaliza. Iye anabwera ndi mapepala. Akuti, 'Achimwene, munditayipire izi.' Ine ndiye, 'Bwana, izi n'zotayipa kale, kompyuta yomwe inatulutsa izi ili nazo.' Akuti vairasi inadya. Chabwino, vairasi imadyadi. Masiku anayi ndili pa mpando uwu, zala kutupa, msana kuuma."

"Liti?"

"Kumayambiriro kwa Epulo."

"Za pensulo anati chiyani?"

"Akuti, 'Za pensulo musiye, ndi za mayi wovuta uja.'" Anatsokomola. "Ndi mawu ake, amayi, si anga. Ankabwera tsiku ndi tsiku n'kumasintha apa ndi apo, dzina la chipatala, mutu wa buku. O, ndi mizere. Panali dzina lina lodulidwa mzere kunsi. Ndinafunsa, 'Mizereyi ndiikenso?' Akuti, 'Chotsani mizere, dzinalo lisiyeni.' Basi, ine ndinachotsa."

Za mizerezo sindinaziike kumtima. Mutu wanga unali pa kabati ndi makiyi ake.

"Mubwere ku komiti thu koloko, mudzanene zomwe mwandiuzazi."

"Ine? Amayi, kachipinda aka ndi ka yunivesite. Akamva kuti ndimatayipira anthu mabuku, mawa mudzapeza pano adzalapo maluwa. Ndili ndi ana atatu. Mukanditchula ndikana, ndipo ndikana mokweza."

Ndinamunyoza mumtima kuti ndi wamantha, n'kuchoka osatsanzika. Leveni koloko inali itadutsa kalekale. Kabati yanga ili ndi makiyi awiri okha. Wina amakhala m'chikwama mwanga. Winayo ali pa chingwe cha makiyi cha mayi wosesa.

* * *

Ndinawapeza akukolopa khonde la laibulale. Ndi mayi wamkulu kuposa ine, tagwira limodzi ntchito zaka zisanu ndi zinayi, ndipo mu ofesi mwanga simunasowepo ngakhale pini. Zimenezo ndikuzikumbuka tsopano. Nthawi imeneyo mantha anali atandichotsa ulemu wonse, moti moni sindinapereke.

"Watayi anakulonjezani chiyani kuti mumutsegulire kabati?"

Anaimika chokolopera. Anachifinya pang'onopang'ono, anachitsamiritsa pa ndowa, anapukuta manja pa epuloni, kenako n'kundiyang'ana.

"Mubwereze, amayi. Mwina makutuwa akalamba."

"Mapepala a Nesi atuluka m'kabati mwanga. Kiyi winayo muli naye ndinu."

"Ndili nayedi. Nayu. Chindipatsireni sanalowepo pa loko ameneyo, onani dzimbiri." Mawu awo sanakwere ngakhale pang'ono, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa kukalipa. "Koma mapepalawo anatulukadi. Munatulutsa ndinu."

"Ine?"

"Mwezi wa Malichi, tsiku lomwe anabwera opopera mankhwala a mphemvu. Anati m'makabati monse musakhale kanthu. Munaunjika zonse pansi, m'mbali mwa tebulo. M'mawa mwake munayamba kubwezera, foni inalira, munathamangira kumsonkhano. Mtolo umodzi unatsala pansi. Unagona pamenepo masiku atatu, ine ndikusesa mouzungulira."

"Ndiye munautaya?"

"Kutaya? Pepala lanu? Inu amene munandikalipira chaka chija chifukwa cha envulopu yong'ambika? Munati chiyani? Munati, 'Pepala lililonse loyera kumbuyo lisapite kudzala, lilowe m'katoni, ana alemberepo.' Mtolo uja unali woyera kumbuyo. Ndinauika m'katoni."

Katoni imeneyo imakhala pansi pa tebulo langa, ndipo ndimainyadira kuposa masatifiketi anga. Wophunzira akabwera mutu utauma, akuti sakudziwa poyambira, ndimapisa dzanja m'katonimo n'kumupatsa mapepala ogwiritsidwa kale ntchito, kuti akalembe kumbuyo chilichonse chobwera m'mutu. Pa pepala latsopano munthu amaopa kulakwitsa, pa lakale dzanja limamasuka. Njira imeneyi ndaiphunzitsapo anzanga m'misonkhano, iwo n'kumandiombera m'manja.

Ndinagwira chitsulo cha pakhonde.

"Mwakumbuka," anatero mayi wosesa. "Inenso ndinalipo, ndinkapukuta zenera. Bambo wa tayi uja anakhala pa mpando akuti, 'Amayi, miyezi isanu ndilibe ngakhale tsamba limodzi.' Inu munapisa dzanja osayang'ana, munatenga mtolo wonse momwe unalili, munati, 'Musabwerenso musanadzaze awa.' Anathokoza katatu. Ndipo sanabwerensodi."

Anatola chokolopera chawo.

"Tsopano tasunthani, mukuponda ponyowa."

Ndinapepesa, koma anali atandifulatira kale.

* * *

Thwelofu koloko inali itadutsa. Wakuba ndinali nditamupeza, ndipo womupatsa katunduyo m'manja ndinali ine. Ndinayenda khonde lonse ndikukonza mawu oti ndiuze Nesi. Nditatsegula chitseko n'kumuona atawerama pa buku la Watayi, maso ali psuu, mawu onse anathawa. Ndinaopa. Ndinaopa nkhope yake, ndinaopanso za ntchito yanga. Ndinakhala pansi n'kufunsa zina.

"Mwapeza chiyani?"

"Palibe. Ndi langa lonse, kungoti ndi lakale, ndisanakonze. Ngakhale ndime ija munati ikutsimphina ilimo."

"Zimenezo anena kuti inu munaba kenako n'kukonza."

"Ndiye ndatha," anatero Nesi motsitsa. "Ana anga ndinawauza kuti adzandiona nditavala mkanjo wa digiri. Wamng'onoyo wauza kale kalasi yake yonse."

Misozi inatsika, iye osaipukuta. Foni yake inalira, anaiyang'ana, n'kuitembenuza chafufumimba. Za katoni ija sindinamuuze. Wotchi inafika pa wani koloko. Ndinakoka bukulo n'kumangotsegula masamba kuti manja apeze chochita. Lakale, ndisanakonze. Pamenepo ndi pomwe mawu a Wafotokope anandibwerera: dzina lodulidwa mzere kunsi.

Njira zanga n'zambiri, ndipo si zonse zopusa. Wophunzira akalemba mfundo yomwe akudziwa kuti anaiwerenga penapake koma waiwala buku lake, sindimulola kuima. Ndimamuuza kuti aikepo dzina lililonse lomwe sangaliiwale, ndi chaka chilichonse, adule mzere kunsi, apitirize kulemba. Akadzapeza buku lenileni, achotse dzina losungira malolo. Ena amaika la galu wawo, ena la wosewera mpira.

"Nesi, mizere yanu yonse munachotsa m'buku lomaliza?"

"Yonse. Munandiwerengetsa kawiri."

"Munkaika dzina lanji?"

Anandiyang'ana kukamwa kuli yasa. Kenako anandilanda bukulo, masamba akupindika m'ngodya. Mutu wachiwiri, linalipo. Patsogolo pang'ono, linaliponso. Kasanu konse, dzina ndi chaka, lopanda mzere, litakhala bwinobwino pakati pa akatswiri. Anathamangira kumapeto, ku mndandanda wa mabuku. Watayi sanafune kusiya mpata. Dzinalo analipekera buku, la mutu wautali, pamodzi ndi kampani yosindikiza.

Nesi anaika chala pa dzinalo, n'kundiuza kuti ndi la ndani. Ndinadzambatuka kuthamangira kwa mlembi, kukapempha kuti fayilo ya Nesi ya chilowereni sukulu ipite nawo ku komiti.

* * *

Chipinda cha komiti chili ndi tebulo lalitali ndi fani yomwe imazungulira mphepo osabwera. Oweruza anali atatu. Wapampando anali pulofesa wa imvi, wosaseka, wowerenga ndi chala. Watayi analankhula poyamba, ndipo ndikanakhala mlendo ndikanamukhulupirira. Anati zikumupweteka kuima pa mlandu ndi mlongo wake wa m'kalasi. Anati mwina kunali kutopa ndi ntchito. Anati iye wamukhululukira kale.

Nthawi yanga itafika ndinapempha kufunsa mafunso awiri okha.

"Tsamba 23, bambo. Katswiri uyu mwamutchula kasanu. Buku lake munalipeza kuti?"

Anatsegula, anayang'ana, anakonza tayi. "Pa intaneti, amayi. Buku lothandiza kwambiri."

"Ndi ndani iyeyu?"

"Pulofesa wakunja. Bambo wodziwika zedi pa nkhani za mankhwala. Ndikudabwa kuti inu simukumudziwa."

"Ndi mayi anga," anatero Nesi.

Sanaimirire. Analankhula akuyang'ana patebulo.

"Ndi dzina la mayi anga, la kwawo. Chakacho ndi chomwe anamwalira. Ankasoka zovala pakhonde la sitolo. Sukulu sanapiteko, ngakhale dzina lawolo sankatha kulilemba. Anasiya mankhwala awo osatiuza, n'chifukwa chake ndinasankha mutu umenewu. Ndikasowa dzina ndinkaika lawo, kuti ndisaiwale kubwererapo."

Mlembi anakankhira fayilo kwa wapampando. Munali fomu yolowera sukulu, dzina la mayi lili pa mzere wake, ndi kalata yomwe Nesi anapemphera masabata awiri a maliro, chaka chomwecho. Ine ndinafotokoza za mizere ija. Wapampando anayendetsa chala pa fomu, pa buku, n'kubwereranso pa fomu.

"Bukuli ndi la mayiwa," anatero potsiriza. Ndinapuma. Koma fayilo sanatseke. "Latsala funso limodzi. Mapepalawa anafika bwanji m'manja mwanu, bambo? Lamulo likuti wopatsa mnzake ntchito yake kuti akopere ndi wolakwa chimodzimodzi. Onse awiri amachotsedwa."

Thukuta linali litanyowetsa kolala ya Watayi. Anandiyang'ana ine, anayang'ana Nesi, ndipo ndinamuona akusankha. Ayenera kuti anaganiza kuti olakwa akakhala awiri, wina ali mayi wa ana, komiti ifewetsa chilango.

"Anandipatsa yekha," anatero. "Anati tithandizane. Lero wasintha maganizo."

"Bodza!" Nesi anaimirira, mpando n'kugwa. "Ndinawasiya kwa amayiwa! Amayi, auzeni. Anali m'kabati mwanu, anabedwa!"

Onse anatembenukira kwa ine. Kunali kosavuta kunena kuti sindikudziwa momwe anatulukira. Koma ndikanatero, mawu a Watayi akanatsala ali chilili, opanda owatsutsa, ndipo chala cha wapampando chinali kale pa ndime ya lamulo ija.

"Sanabedwe," ndinatero, ndipo mawu anga anatuluka aang'ono. "Ndinamupatsa ndine."

Ndinanena zonse: opopera mphemvu, mtolo wotsala pansi, katoni, dzanja lopisa osayang'ana. Ndinati kumbuyo kwa masamba khumi oyambirira kuli dzanja la Watayi chifukwa anayambadi kulemba monga ndinamuuzira, mpaka tsiku lomwe anatembenuza pepala n'kuwerenga za kutsogolo. Wapampando anaitanitsa mayi wosesa. Anabwera epuloni ili m'chiuno, ananena zomwe anaona osaonjeza osachotsera, ndipo ine sanandiyang'ane ngakhale kamodzi.

Chigamulo sichinachedwe. Nesi alibe mlandu, buku lake lipite kwa oyesa. Watayi wachotsedwa sukulu. Ine ndipereke makiyi a chipinda changa kwa mlembi mpaka akuluakulu atakambirana za momwe ndimasungira ntchito za ophunzira.

* * *

Nesi ndinamupeza pakhonde, atatsamira khoma, akulemba uthenga pa foni. Ndinaima pambali pake. Ndinkayembekeza kuti alira kapena andikalipira, ndipo chilichonse mwa ziwirizo chikanandipepukira.

"Munadziwa nthawi yanji?" anafunsa osadzutsa mutu.

"Cha m'ma thwelofu."

"Ndiye munakhala nane mu ofesi muja, ine ndikulira, inu mukudziwa."

"Ndinaopa."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Sanati n'zomveka, sanatinso n'zosamveka. Anaika foni m'chikwama n'kuchikoleka paphewa.

"Tsamba lothokoza simunalione. Ndinkafuna mudzalione pa tsiku la digiri. Pali mayina awiri okha, la mayi anga ndi lanu." Anandiyang'ana m'maso koyamba chitulukireni m'chipinda muja. "Musadandaule, silichoka. Bukulo linamatidwa kale."

Anatsika masitepe osatsanzika.